Kukonda Kotsonya

Kezia anamuona koyamba akutsika chitunda kumbuyo kwa amtengatenga, nsapato zili pakhosi. Ee, pakhosi. Anali atamanga zingwe zake n'kuzikoleka ngati mkanda, chifukwa matuza anali atamukwana chichokereni kunyanja kumene anatsikira sitima. Anali mnyamata wamtali, jekete lili mbuu ndi fumbi, koma kayendedwe kake kanali ka munthu amene wafika kwawo.

Zinali zaka zija nkhondo ya Jeremani isanayambe, pa mishoni ina yaing'ono ya m'mapiri a Dowa, kufupi ndi kwa Msakambewa. Mbiri inali itafika kale kuti abusa achizungu aitanitsa mphunzitsi wachikuda kuchokera ku Natala, kummwera kwenikweni, woti adzaphunzitse anyamata akuluakulu masamu ndi Chingerezi. Dzina lake linali Kalebe Ndlovu. Kezia, mtsikana amene ankathandiza kuphunzitsa tiana toyamba kumene, anaima pakhomo pa sukulu ndi tiana taketo kuti amuone.

Kwawo anali atamuuza Kalebe kuti m'mapiri amenewa muli Angoni, abale ake amene anachoka kummwera kalekale, ndiye chiyankhulo sichikavuta. Choncho atafika pabwalo anavula chipewa, n'kuyamba moni wautali m'Chizulu, akumwetulira ndi mano onse.

Bwalo lonse linangoti zii.

Vuto silinali kusamva kokha ayi. M'mawu akewo munali timaphokoso tina ta lilime, tolira ngati mmene munthu amatsonyera akanyansidwa. Mayi wina anafunsa mokweza kuti kodi ndi mlendo wanji uyu wofika n'kutsonya eni mudzi. Ana anafa nalo phwete. Dzuwa lisanalowe, dzina linali litamumata kale: Atsonya.

Amene anayesa kumuyankha anali a Elifala okha, mkulu wopanda mano akutsogolo amene ankaweta ng'ombe za mishoni. Iwo anali Mngoni, ndipo anali atasungako timawu tina ta amayi awo. Anatulutsa mawu awiri atatu, kenako thumba linatha. Kezia anaona nkhope ya mlendoyo ikugwa. Anali ngati munthu amene wagogoda kwa abale ake, chitseko n'kutsegulidwa ndi anthu osawadziwa.

Chinamutuma n'chiyani Kezia? Ngakhale iye mwini sankadziwa. Anangopezeka watunga madzi m'chikho, wagwada, wampatsa. Kalebe anamwa n'kunena kanthu kena kachilendo.

"Nenani kuti zikomo," anatero Kezia.

"Zi-ko-mo."

Phunziro loyamba linali limenelo. Mawa lake abusa analamula kuti Kezia aziphunzitsa mlendoyo chiyankhulo madzulo alionse, pakhonde la sukulu, poyera pamene aliyense wodutsa akuona.

Koma abale, munthu uja anali wolimba mtima. Wina akanakhala iye akanamanga katundu mwezi usanathe. Anatchula mkulu wa mpingo kuti "iwe", mpingo wonse n'kugwira pakamwa. Anakhala pamphasa ya amayi pamaliro. Therere linamuthawa m'manja n'kutsikira m'chigongono. Tsiku lina anamupatsa mbewa zootcha, iye n'kutuluka thukuta, a Elifala akumuseka kuti ungakane bwanji mbewa uli kwa Msakambewa. Anatsinzina n'kudya, mchira ndi mutu womwe.

Akalakwitsa ankayamba ndi iye kuseka. M'kalasi anaika lamulo loti mnyamata aliyense amene amukonze mawu ndiye aziliza belu tsiku limenelo, ndipo anyamata ankamvetsera ngati alenje. Masamu ankaphunzitsa ndi njere za masuku. Chikoti chimene anachipeza pakona anachisandutsa cholozera pabolodi basi. Ndipo Lamulungu akatsegula pakamwa kuimba besi, ngakhale mayi uja anamunena za kutsonya ankaiwala vesi yake.

Kezia ankaziona zonsezi, ndipo mtima wake sunali mwala.

Anali ndi kamchitidwe kawo. M'mawa Kalebe ankasiya sileti pawindo la kalasi ya tiana, atalembapo chiganizo choti chikonzedwe. Kezia ankakonza n'kuyankha pansi pake.

"Lero ine wadya therere. Therere wapambana."

"Lero NDADYA therere. Therere LAPAMBANA. Musataye mtima, aphunzitsi, mawa mudzalibwezera."

Tsiku lina sileti inati, "Popanda inu ndili wosayankhula. Inu ndinu lilime langa." Munalibe cholakwika chilichonse m'chiganizocho. Kezia anachiwerenga, n'kuchiwerenganso, ndipo tiana tinadikira nthawi yaitali kuti afufute siletiyo.

Kumudzi nkhani inali ina. Kezia anali mwana wamasiye, ndipo mwini mbumba anali amalume ake, a Obadiya. Iwo anali atagwirizana kale ndi akwawo kwa Isake, mnyamata wobwera kumene kuchokera ku Halale ndi bulangete latsopano ndi chipewa cha nthenga. Isake sanali woipa, tisamunamizire. Anali atapereka ngakhale chikole, mpango wofiira wosonyeza kuti mtsikanayu ali ndi mwini. Koma Kezia akauyang'ana mpangowo ankangomva kulemera pachifuwa.

Madzulo ena mvula yoyamba itangogwa, phunziro linakanika. Kezia ankangoyang'ana kumapiri. Kalebe atamufunsa chavuta, zonse zinakhuthuka. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti mlendoyo atolepo: za amayi ake amene anamwalira, za amalume, za mpango, za mtima umene ukukana. Ananena kuti palibe chowawa ngati kukhala pakati pa anthu ambiri koma wopanda wokumva.

Kalebe anafunafuna mawu a Chichewa koma anamuthawa onse. Ndiye anaika dzanja pachifuwa, n'kumuyang'ana m'maso.

"Ngiyakuqonda, Kezia."

Kezia analitembenuza liwulo m'mutu. Pakati pa liwulo panali kutsonya kuja, koma nanga munthuyu si amatsonya paliponse? Ukachotsa kutsonyako, monga umachotsera kamwala mu nyemba, chotsala n'chiyani? Kukonda!

"Mwati chiyani, aphunzitsi?"

"Ngiyaku-qonda," anabwereza, dzanja likadali pachifuwa.

Mtsikana woleredwa bwino sayankha zotere ndi pakamwa. Kezia anangonyamuka n'kuthamanga, njira yonse akuseka yekha, matope akumuthimbirira mpaka m'mawondo.

Kuyambira pamenepo ankayankha ndi manja. Jekete la aphunzitsi linasokedwa pachigongono. Pawindo pankapezeka masuku osankhidwa, kapena mtedza wokazinga womanga m'tsamba. Kalebe ankathokoza ndi ulemu wonse, ndipo nthawi zina pakati pa phunziro liwu lija linkatulukanso. Kezia ankangozyolika, makutu akutentha.

Kenako anachita chinthu chimene atsikana a masiku amenewo sankachita wamba. Anatenga mpango wofiira uja, anaupinda bwinobwino, n'kukauika pamapazi pa amalume ake.

A Obadiya anafunsa ngati wapenga. Kezia anati sanapenge, koma pali wina amene anamuuza kale mawu. Atamupanikiza kuti ndani, anatchula. Mudzi wonse unamva tsiku lomwelo, poti a Obadiya sankadziwa kunong'ona. M'mawa mwake anafika kusukulu ndodo ili m'manja, abusa ali paulendo woyendera masukulu a m'midzi. Anaima panja n'kukalipa mpaka mawu kusasa. Ankayankhula mothamanga kwambiri moti Kalebe anangotolapo zitatu: dzina lake, dzina la Kezia, ndi liwu loti "waononga".

Mlungu womwewo malungo anamugwetsa.

Kezia atamva, sanasamale za pakamwa pa anthu. Anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, anatenga azakhali ake kuti amuperekeze, n'kupita kukanyumba ka aphunzitsi. Anamupeza ali gone pamphasa, milomo itauma, akunjenjemera ngakhale kunja kunali dzuwa. Anagwada chapatali.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzakuzondani."

Kalebe anatsegula maso. Anamuyang'ana ngati wamubaya.

"Zonda? Ine?"

"Ee, inuyo. Ndipo mawa ndibweranso kudzakuzondani. Ndizikuzondani tsiku ndi tsiku."

Kalebe anatembenukira kukhoma. Phala sanalikhudze. Mawa lake Kezia anapeza chitseko chotseka, ndipo mkuja wake chimodzimodzi. Anadziuza kuti ndi matenda, odwala amakhala ndi mtima wapachala. Koma atachira zinangoipiraipira. Akakumana panjira Kalebe ankavula chipewa, kupereka moni wa mlendo, n'kupitirira. Pawindo sipanapezekenso sileti.

Abusa atabwerako, Kalebe anakapempha yekha kuti amutumize kukatsegula sukulu ya kumudzi kumapiri a Ntchisi, kumene aphunzitsi ena ankakana chifukwa cha kuzizira. Tsiku lonyamuka, sileti inabwereranso pawindo.

"Zikomo pondiphunzitsa. Pepani ndakubweretserani mavuto. Sindidzakuvutitsaninso."

Munalibenso cholakwika m'chiganizo chimenecho. Kezia analakalaka mukanakhala cholakwika, kuti apeze choyankha.

Mwamuna angakuuze kuti amakukonda, dzanja lili pachifuwa, n'kukuthawa ngati wakhate? Funso limeneli linamudya Kezia mpaka chimanga chinamasula ngaiyaye. Pomaliza anapita kukhola la mishoni kukapeza a Elifala, poti iwo okha ndi amene ankadziwako mitima ya anthu akummwera.

A Elifala anamvetsera akufwenkha fodya m'mphuno. Kenako anamuuza kuti atchule mawu enieniwo, mmene anatulukira m'kamwa mwa mnyamatayo. Kezia anachita manyazi, koma anayesa, ndi kutsonya komwe.

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati wamukumbutsa amayi ake, amene ankanena liwu lomwelo akatopa ndi madandaulo a ana. Atakweza maso n'kuona nkhope ya Kezia, kuseka kunathera pakhosi.

"Mwana wanga, liwu limenelo si kukonda. Ndi kumvetsa. Amati, ndakumvetsa."

"Ayi, agogo. Anagwira pachifuwa."

"Womvetsa amagwiranso pachifuwa. Kukonda kwawoko amati thanda. Liwu loti thanda analinenapo?"

Kezia anafufuza madzulo onse a pakhonde paja, limodzi ndi limodzi. Anafufuza masileti onse. Sanalipeze.

Mayo ine, kuwawa kwake! Akanakhala kuti ananamizidwa, bwenzi ali ndi womukwiyira. Koma Kalebe sananame ngakhale kamodzi. Kezia anali atadzifunsira yekha, kudzivomera yekha, n'kubweza chikole cha mwana wa eni ake chifukwa cha liwu limene silinanenedwe. Anatsamira mtengo wa khola n'kulira mosabisa, ng'ombe zikumuyang'ana.

A Elifala, ngakhale anali ndi chisoni, pakamwa pawo panalibe chitseko. Nkhani inafika kumudzi Kezia asanafike. Akatsikira kudambo kukatunga madzi, atsikana anzake sankanena kanthu. Ankangodikira kuti adutse, wina n'kutsonya pang'ono, onse n'kuphulika kuseka.

Kezia anapita kwa amalume ake n'kugwada. Anati analakwa, achite naye mmene akufunira. A Obadiya sanamukalipirenso, poti anaona kuti mwanayo waonda. Anangoti akakambirananso ndi akwawo kwa Isake, ndipo nyengo yokolola ikakwana nkhaniyo ithe.

Nanga Kalebe?

Kumapiri a Ntchisi nkhungu inkafika mpaka pakhomo, ndipo m'mawa zala zinkakana kugwira choko. Sukulu anamanga yekha ndi makolo a ana, mitengo ndi udzu. Analibenso womumasulira, ndiye Chichewa chinalowa mokakamiza, ndipo chinalowadi. Anafika pomaseka nthabwala nthawi yake, osati mochedwa. Anthu akumeneko anamukonda. Ankamubweretsera uchi ndi mbatata, ndipo ana ankabwera ngakhale ochokera kuseri kwa phiri.

Koma zoona zake n'zakuti mnyamatayu ankamukonda Kezia kuyambira tsiku la chikho cha madzi lija. Chimene chinamutseka pakamwa ndi ng'ombe. Kwawo mwamuna wopanda ng'ombe zolowolera satsegula pakamwa pa mwana wamkazi wa munthu, ndipo iye analibe ngakhale kathole. Ndiye ankangomeza mawu, n'kumadziuza kuti kukhala naye pakhonde n'kokwanira.

Tsiku lina m'nyengo yokolola anakumana ndi mayi Iness, akazi a mwini nyumba imene ankakhala, ali ndi anzawo awiri, atasenza mbale yovindikira. Anawafunsa kumene akupita. Iwo anati akukazonda mayi Ester, amene anagona ndi chibayo.

Kalebe anaima chilili. Anafunsa kuti munthu wodwala walakwa chiyani kuti anthu atatu apite kukamuzonda. Amayiwo anayang'anizana. Iye anafotokoza kuti kwawo kuzonda munthu ndi kudana naye, chidani chenicheni chochokera pansi pa mtima.

Mayi Iness anatula mbale pansi kuti aseke bwino.

"Aphunzitsi, kuno kuzonda ndi kukaona wodwala. Umamutengera kaphala, umakhala naye. Munthu wodana nawe angakuphikire phala? Amene amakuzonda ndi amene amakukonda."

Kalebe anakhala pansi, panjira pomwepo. Anaona mbale ya phala ija ili pambali pa mphasa, ikuzizira. Anamva mawu aja akuti ndizikuzondani tsiku ndi tsiku. Iye ankayesa kuti mtsikanayo wabwera kudzamuuza kuti wamuda chifukwa cha manyazi amene anamubweretsera kwa amalume ake. Chonsecho mwana wa eni anali atapyola m'mudzi monse, anthu akumuloza zala, kudzamudwazika. Ndipo iye anamupatsa msana.

Sukulu inali itatsekera kale kuti ana akathandize kukolola. Kalebe sanadikire china. Anatsika mapiri a Ntchisi, kuwoloka madambo, kukwera a Dowa, ndipo matuza atayambanso anavula nsapato n'kuzikoleka pakhosi.

Woyamba kumuona anali a Elifala, ali kubusa. Sanamupatse n'komwe moni. Anamuuza kuti lilime lake lija lapha munthu, n'kumufotokozera zonse: za liwu lotsonya, za mpango wobwezedwa, za atsikana akudambo. Anamalizira ndi kunena kuti akwawo kwa Isake akuyembekezeka mawa.

Kalebe anagwira mutu. Iye k ndi q ankazimva zosiyana ngati mbuzi ndi nkhosa, ndipo sanaganizepo kuti khutu la kuno lingazisokoneze. Ananena kuti Kezia amamukondadi, Mulungu ndi mboni, koma atani poti alibe ng'ombe.

A Elifala anamuyang'ana ngati akuona chitsiru chovala jekete. Anati akwawo kwa Kezia ndi Achewa, safuna ng'ombe ya munthu. Nkhuku imodzi, khasu, ndi manja olimba, basi. Koma anamuchenjeza kuti asasangalale msanga, chifukwa mtengo wake ulipo ndipo ndi woposa ng'ombe. Kuno mwamuna satenga mkazi kupita naye kwawo. Amamanga nyumba kwa mkaziyo, amalima munda wa apongozi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Akavomera, za ku Natala aiwale.

Pamenepo Kalebe anakumbukira za kwawo. Pangano lake ndi abusa linali loti akatha zaka zake adzabwerera. Kwawo kunali amayi ake okalamba, kunali manda a bambo ake, kunali anthu amene akayankhula sankamuseka. Anayang'ana kummwera, kumene kunalibe china koma mapiri pamwamba pa mapiri. Misozi inatsika ndipo sanaipukute.

Atatembenuka anangoti vuto latsala limodzi: alibe mbale woti amuimire ngati nkhoswe.

"Nanga ine ndine mtengo?" anatero a Elifala. "Unabwera kuno kudzafuna abale ako Angoni. Wapeza mmodzi, wopanda mano. Tiye, nkhuku ndikubwereka."

Mkuluyo analunjika kwa a Obadiya, tambala ali m'khwapa. Kalebe analunjika kumunda.

Anamupeza Kezia akukolola, azakhali ake ali chapatali. Anali ataondadi. Atamva mapesi akuthyoka anatembenuka, n'kuona munthu wamtali, wafumbi, nsapato zili pakhosi. Chimanga chimene chinali m'manja mwake chinagwa, koma nkhope anaiumitsa.

Kalebe anavula chipewa.

"Ndabwera kudzakuzondani."

"Sindikudwala, aphunzitsi."

Ndiye anamufotokozera, m'Chichewa chosalala chimene Kezia anali asanachimvepo m'kamwa mwake. Ananena za liwu la kwawo, za mayi Iness ndi mbale yawo, za mmene anagonera kuyang'ana khoma akuganiza kuti munthu yekhayo amene ankamudalira m'dziko lachilendo wamuda. Ananenanso za ng'ombe. Kezia anamvetsera mpaka kumapeto. Pakona pa mlomo wake panagwedezeka ngati afuna kuseka, koma bala linali likadali laliwisi.

"Chabwino. Ndiye mwandimvetsa. Kumvetsa ndiye mumatha, aphunzitsi. Mudzi wonse ukudziwa."

Mawuwo analasa, ndipo Kalebe sanawazembe.

"Ayi, Kezia. Ndinanama. Munasoka jekete langa, sindinamvetse. Munandiphikira phala, sindinamvetse. Sindinakumvetseni ngakhale tsiku limodzi. Liwu loona ndi limene munamva inu, osati limene ndinanena ine."

Anakonza lilime mosamala, monga ankachitira pakhonde paja.

"Ndimakukondani."

Linatuluka loyera, lopanda kamwala. Kezia analimva bwinobwino. Koma uphunzitsi sutha, ndipo munthu amene anapsa kamodzi amaopa ngakhale phulusa.

"Bwerezani. Pang'onopang'ono."

"Ndi-ma-ku-ko-nda-ni. Lilime langa, mphunzitsi wanga, ndimakukondani. Lembani pasileti ngati mukufuna, muone ngati muli chilembo chachilendo."

Kezia anamufunsa ngati akudziwa kuti kuno akakwatira sadzabwereranso kwawo, kuti adzakalamba akulima munda wa a Obadiya, ndipo ana ake sadzadziwa kutsonya.

"Ndikudziwa. Amayi anga ndidzawalembera, ndipo adzalira. Inenso ndalira kale panjira. Koma manda anga adzakumbidwa m'mapiri ano, pafupi ndi anu."

Apa Kezia analephera kudzigwira. Analira, akuseka, akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, azakhali ake akunamizira kuti sakuona kanthu.

Kumudzi nkhondo inali ikadali mkati. A Obadiya anakana kaye, anati sangachite manyazi kawiri pamaso pa anthu amodzimodzi. Koma a Elifala anakhala pamphasa ngati amera mizu. Anawakumbutsa kuti Isake wayamba kale kufunsa za anzake obwerera ku Halale, ndipo phazi lozolowera msewu silikhala pakhomo. Kenako anawafunsa kuti mkamwini wabwino ndi uti: wokhala ndi kwawo kuseri kwa phiri, woti mukangomukalipira wathawira kwa amake, kapena uyu woti ngakhale atafuna kuthawa, kwawo n'kosafikika? A Obadiya anaganiza, anayang'ana tambala uja, n'kunena kuti ayambe amuona mnyamatayo akugwira ntchito. Kwa Isake anapita okha madzulo omwewo kukapepesa.

Uthenga utafika kumunda, azakhali analiza nthungululu mpaka a m'minda yoyandikana anaimika ntchito. Kezia anatola dengu n'kumupatsira Kalebe.

"Tulani nsapatozo, akamwini. Chimangachi sichidzikolola chokha."

Anakolola limodzi mzere umodzi, mapewa akugundana mwangozi yochita kufuna. Atafika kumapeto kwa mzere, Kezia anaima n'kumuyang'ana cham'mbali.

"Tanenaninso lija. Lotsonya lija."

Kalebe anadabwa. Anafunsa ngati si liwu lomwelo limene linamuliza. Kezia anati n'lomwelo, koma analilipira ndi misozi yambiri, ndiye ndi lake, salisiya. Kalebe anaika dengu pansi, n'kuika dzanja pachifuwa.

"Ngiyakuqonda, Kezia."

"Bodza," anatero Kezia, akumuponyera chimanga m'dengu. "Simunayambe n'komwe. Koma musadandaule, aphunzitsi. Phunziro ndi mawa madzulo, ndipo ulendo uno simuthawa."